Ndiwayankhe bwanji achinyamata pa nkhani ya chulu ndi Mlengi?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndigawireniko nzeru. Loweruka likudzali ndikutenga achinyamata a mpingo wathu kuno ku Highfield, mumzinda wa Harare, kupita nawo ku nkhalango yotetezedwa ya Mukuvisi Woodlands. Ndikufuna kuyambira pa chulu: chiswe chimasiya timauna todutsa mpweya, ndipo Mick Pearce, katswiri wa mapulani a nyumba, anatengerapo nzeru pojambula pulani ya Eastgate, nyumba ya masitolo ndi maofesi ya mu Harare, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Tsono ngati Eastgate ili ndi mmisiri wake, nanga chulu?

Pamene pagona nkhani ndi achinyamata a Fomu 4. Kusukulu anaphunzira kuti zamoyo zinachita kusintha pang'onopang'ono, ndiye kungowawerengera Aroma 1:20 sakhutira (sindikuwadzudzula ayi). Inu amene munaphunzitsapo zotere, munawayankha bwanji popanda kunyoza aphunzitsi awo? Komanso, pageti ku Mukuvisi akulipiritsa zingati masiku ano?