Ndithandizeni kusankha mabushing a shaft ya kaboti ka rimoti

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi kaboti koyendera rimoti, ka mota ya brushless. Shaft yake, kachitsulo kolumikiza mota ndi propela, ndi ya 4 mm, imadutsa m'chubu cha brass cha 6 mm mkati. Mabushing, timphete ta m'chubumo tomwe shaft imazunguliramo, akudyeka msanga, shaft imayamba kugwedera ndipo madzi amalowera m'chubumo.

Ndinaika a brass, bowo silinachedwe kukula. A nayiloni anatentha n'kuyamba kugwira shaft. Girizi ndimapaka nthawi zonse, shaft ndi yowongoka, mota nayo ili pamzere.

Ndimakayendetsa padamu la madzi amatope, mwina mchenga ndiwo ukuwadya. Kodi a sintered bronze, osunga mafuta aja, angapirire pamenepa? Kapena ndiike ball bearing ya stainless steel kumbali ya mota? Amene munayesapo, chonde ndiuzeni.