Kachotupa ka pantchafu ya mwana sikakuphwa chibayireni katemera

Mayi wa ku Ntcheu:
Moni nonse. Mwana wanga anabayidwa katemera wa masabata 14 kusikelo, ndipo patapita masiku atatu ndinapeza kachotupa kolimba pantchafu, kakukula ngati njere ya mtedza. Papita masabata 6 tsopano koma sikakuphwa, ngakhale kuti salira ndikakagwira, akuyamwa bwino ndipo thupi silikutentha. Apongozi anga akuti ndizimuthowa ndi madzi otentha kenako n'kumafinyapo. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani?

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, musafinyepo, chifukwa mukhoza kuvulaza mnofu n'kulowetsa tizilombo pamalo pamene panalibe vuto. Katemera wa pantchafu amene amateteza matenda 5 nthawi imodzi, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, amakhala ndi mchere wa aluminiyamu pang'ono umene ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi. Mwa ana ena thupi limaundana mozungulira mankhwalawo, makamaka ngati singano sinalowe bwino mkati mwa mnofu, ndipo kamfundo kameneko kamatha kukhala masabata kapena miyezi kasanasungunuke kokha. Nthawi zina kamayabwa, mwana n'kumakandapo. Palinso ana ena amene magazi amaundana pansi pa khungu singano ikalasa kamtsempha, koma zimenezo zimatha msanga.

Chimene ndinkaopa ndili pantchito ndi chithupsa. Chimenecho sichibisala: pamalopo pamafiira, pamatentha, pamafewa chifukwa cha mafinya, mwana amalira mukangomukhudza ndipo kawirikawiri thupi limatentha. Mukaona zotero, kapena chotupacho chikayamba kukula m'malo mochepa, musadikire tsiku la sikelo.

Bambo wa ana atatu:
Ndingowonjezera kuti tisasokoneze nkhaniyi ndi katemera wa BCG wa chifuwa chachikulu, amene amabayidwa pamkono chakuphewa mwana akangobadwa. Ameneyo amatulutsa kachotupa pakapita masabata angapo, kamaphulika, kamauma n'kusiya chipsera chimene ambirife tili nacho mpaka lero. Wachisamba wathu anatupanso mwanabere kukhwapa la mbali yomweyo, ife n'kuda nkhawa kwambiri, koma dokotala atamuyeza anatiuza kuti tisapakepo kanthu, ndipo anaphwa yekha.

Namwino wopuma pantchito:
N'zoona bambo, kungoti mwanabere wotero ayenera kuonedwa ndithu kuchipatala, makamaka ngati mwanayo ali ndi HIV, popeza chitetezo chake chimakhala chofooka. Inu mayi, masabata 6 ndi okwanira kuti azaumoyo akaonepo ndi maso. Mutenge buku la sikelo kuti akaone katemera amene anabayidwa mwendo umenewo, ndipo mwana apitirize kulandira katemera wotsatira kupatula ngati azaumoyowo atakuletsani.

Mayi wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri. Ndipita naye Lachinayi, ndipo apongozi ndiwatenga kuti akadzimvere okha.