Bwalo lakale la makatungwe: tidzutse chozungulira kapena tiyambe ndi makatungwe?

Mlembi: Akuluakulu, nkhani yatsala ndi ya bwalo lija kuseri kwa holo. Agogo athu akuti ana ankasewerapo tauni ino ya Chipata ikadali Fort Jameson. Panali makatungwe, kotsetsereka ndi chozungulira. Lero patsala mzati wa chozungulira ndi zitsa za mapaipi. Ena akuti tikonze chozunguliracho.

Wowotcherera zitsulo: A Mlembi, chozungulira chidikire. Chinafa chifukwa madzi ankalowa mu beringi, kachitsulo kothandiza kuti chizizungulira, kuchokera pamwamba, girisi n'kutha, dzimbiri n'kugwira. Mzatiwo wadyeka pomwe wakumana ndi konkire, pamene madzi amaima. Kuwotcherera pamenepo n'kuika ana pangozi. Tiyambe ndi makatungwe: paipi ya galavanaizi ya 60 mm, yokhuthala 3 mm, miyendo inayi.

Mmisiri womanga: Ndikuvomereza. Dzenje lililonse 50 cm ndi 50 cm, kuya 70 cm. Konkire 1:2:4, simenti, mchenga wa kumtsinje, miyala ya kwale. Thumba limodzi la 50 kg pa dzenje, ndiye matumba 4. Pamwamba pakhale potsetsereka kuti madzi azithawa paipi. Muzithirira masiku 7, mwana asakwerepo. Kunsi kwa paipi muwotcherere kachitsulo kopingasa, apo ayi a sikirapu adzaigwedeza n'kuizula usiku umodzi.

Msungichuma: Abambo, ana amakonda chozungulira koposa. Habu ya galimoto yakale, chitsulo chogwira wilo, singagwire ntchito m'malo mwa beringi?

Wowotcherera zitsulo: Imagwira, amayi, koma iyenera chivundikiro ndi pothirira girisi, komanso munthu woiyang'anira mwezi ndi mwezi. Mpata wa pansi ukalakwika umapana phazi la mwana. Ndani adzaonetsetsa zimenezi?

Mphunzitsi: Musaiwale pansi pogwera. Dothi lofiira la kuno likauma mu Okutobala limalimba ngati njerwa. Tikumbe 30 cm, tithire mchenga, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tcheni chikhale cha maso ang'onoang'ono oti chala chisalowe, mipando ya tayala osati thabwa, chifukwa thabwa limang'amba chipumi.

Wapampando: Zamveka. Koma tisanakumbe, a Mlembi lembani kalata ku khonsolo, malowo akhale a ana papepala. Chipata chikhalireni mzinda mu 2017 malo opanda kanthu sachedwa kumera shopu. Mayenje tikumbe mvula ikatha mu Epulo. Amayi, tiuzeni mitengo ya mapaipi ndi simenti pofika Loweruka.