Mwana wa autism ndi kalasi yoyendetsa galimoto kusukulu, lamulo likuti chani?

MakeJunior:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ku Illinois kuno ku America, mnyamata wanga wakwanitsa zaka 15 ndipo ali ndi autism, kuyankhula amayankhula bwinobwino, kalasi amakhoza, koma phokoso likachuluka kapena munthu akamupatsa malangizo atatu nthawi imodzi amangoti zii ngati wazima. Anzake onse alembetsa kalasi ya galimoto kusukulu, ine nditafunsa aphunzitsi ena anangoti mayi mwina tidikire kaye, osanena kuti tidikire chani. Mwana wakhumudwa zedi, wakhala akuloweza kabuku ka malamulo a pamsewu chaka chonse. Kodi asukulu ali ndi mphamvu yomukaniza? Bambo ake akuti tingomusiya azikwera basi, koma kwathu kuno basi yake iti.

Achimwene_aku_Midwest:
Mayi musabwerere m'mbuyo. Ku Illinois lamulo limakakamiza masukulu a boma a sekondale kukhala ndi kalasi imeneyi, maola 30 m'kalasi ndi maola 6 pachiwongolero ndi mphunzitsi. Ndiye poti ndi phunziro la sukulu, sangamutsekere kunja chifukwa cha autism basi, pali malamulo oteteza anthu olumala, Section 504 ya 1973 ndi ADA ya 1990, amene amaletsa zimenezo. Chomwe muchite itanitsani mkumano wa IEP, pulani ya maphunziro ya mwana wofunika thandizo lapadera imene makolo ndi asukulu amakambirana, polemba osati pakamwa. Ku Illinois mapulani okonzekeretsa mwana moyo wa akamaliza sukulu amayamba ali ndi zaka 14 ndi theka, ndiye wanuyo wadutsa kale, nenani kuti nkhani ya mayendedwe ilowe m'menemo. Pemphani zinthu zooneka, monga nthawi yoonjezera pa mayeso, langizo limodzi pa nthawi, komanso m'galimoto musamadzaze ana ena kumbuyo akuseka. Sikuti zonse adzavomera ayi, gulu lonse limakambirana, koma tidikire kaye wopanda chifukwa uja amatha pepala likafika.

NaPhiri77:
Zoona achimwene, koma tinenenso chilungamo, maola 6 amenewo ndi ochepa ngakhale kwa mwana wina aliyense. Wanga wamkazi tinalimbana nazo zaka ziwiri. Ntchito yeniyeni ili pa maola 50 amene kholo umayenera kukhala naye pambali iye akuyendetsa, 10 ausiku, ife tinapitirira kutali kwambiri moti ndinasiya kuwerenga. Vuto lake silinali malamulo, malamulo amawasunga kuposa ine, chikwangwani cha liwiro chikati 30 amayenda 30 ndendende mpaka akumbuyo kumaimba mahutala. Chimamusokoneza chinali anthu, wina akamukodola ndi dzanja pamphambano kuti dutsa iye sadziwa ngati ndi moni kapena chani, ndiye kukhotera kumanzere kodula magalimoto obwera kutsogolo kunali nkhondo. Ndinasiya kunena mawu ngati samala, chifukwa samala chani? Ndinayamba kunena kuti galimoto yofiira kumanja, ponda buleki. Zinasintha.

Pezaninso munthu amene amatchedwa CDRS, ambiri mwa iwo ndi ma occupational therapist, azachipatala othandiza munthu kudzichitira zinthu za tsiku ndi tsiku, amene anaphunzira kuyeza ngati munthu wakonzeka kuyendetsa. Ndi wodula ndithu ndipo inshuwalansi kawirikawiri imakana, koma funsani ku ofesi ya boma ya vocational rehabilitation, yothandiza anthu olumala kupeza ntchito, nthawi zina amathandiza ngati layisensiyo ikukhudzana ndi kupeza ntchito. Bambo akewo muwauze kuti a Children's Hospital of Philadelphia anafufuza achinyamata a ku New Jersey mu 2017, anapeza kuti mmodzi mwa atatu a autism opanda vuto la nzeru amakhala atatenga layisensi pofika zaka 21, ndipo mwa amene anatenga pemiti yophunzirira kuyendetsa ochuluka kwambiri anafika mpaka kumapeto. Amangochedwerapo miyezi ingapo.

Kambuzi_TX:
Ine mantha anga si kalasi, ndi tsiku limene wapolisi adzamuimitse. Mwana osayang'ana m'maso, kuyankha mochedwa, mwina manja akugwedezeka, wapolisi aganiza kuti waledzera kapena akubisa kanthu, komanso ndi mnyamata wachikuda, tisanamizane. Kuno ku Texas kuli lamulo lotchedwa Samuel Allen Law la 2019, umalembetsa pa kaundula wa galimoto kuti woyendetsa amavutika kulankhulana, wapolisi akangofufuza nambala amadziwiratu asanafike pawindo. Ku Connecticut anayamba za envelopu yabuluu mu 2020, umaikamo layisensi ndi mapepala a galimoto, kunja kwake kwalembedwa zoti wapolisi achite, maboma ena atengera. Boma lililonse lili ndi zake ndiye mufufuze za kwanuko.

NaPhiri77:
Envelopu ndiimva, koma zolembetsa mu kompyuta ya boma mwana wanga anakana yekha, anati sindikufuna aliyense wondiimitsa ayambe ndi kundiona ngati wodwala. Ndinamusiya, layisensi ndi yake. Tinangoyeserera panja pa nyumba, malume ake kukhala wapolisi ndi tochi, iye manja pachiwongolero, kupempha kaye asanatsegule kabati ka mapepala. Kasanu konse mpaka anasiya kunjenjemera.

MakeJunior:
Zikomo nonse, imelo ya mkumano ndatumiza usiku uno. Amayi NaPhiri, CDRS wanuyo munapita naye asanatenge pemiti kapena atatenga kale?