Kufunsa kuti "kodi ndi wanga?" kukusiyana bwanji ndi kumva uthenga wonse?

Tadala_EE:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndili chaka chomaliza cha uinjiniya wa zamagetsi, ndipo aphunzitsi atipatsa pepala la Rudolf Ahlswede ndi Gunter Dueck la mu 1989, lonena za identification codes, ma code ongothandiza wolandira kuzindikira ngati uthenga ndi wake kapena ayi. Ndaligonera masiku awiri koma mutu wangoima. Za Claude Shannon, woyambitsa masamu a katumizidwe ka mauthenga, ndimazimva bwino: mauthenga omwe njira yotumizira (monga waya) ingathe kunyamula amachuluka ngati 2^(nC), pomwe n ndi chiwerengero cha zizindikiro zotumizidwa ndipo C ndi malire a zomwe njirayo ingathe kunyamula pa chizindikiro chilichonse. Awa akuti ukangofuna kuzindikira chabe, chiwerengero chimafika 2^(2^(nC)). Waya yemweyo, phokoso lomwelo. Zitheka bwanji zimenezi?

Bambo_a_Yamikani:
A Tadala, masamu muyambe mwawaika pambali kaye. Ine chaka chomwe ndinkadikira mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, tinazungulira kawailesi ka mabatire ka amalume pakhonde. Mayina anawerengedwa ambirimbiri, ine sindinasungeko ngakhale limodzi. Khutu langa linali pa funso limodzi basi: langa latchulidwa kapena ayi? Shannon mu 1948 ankafuna kuti wolandira adziwe kuti uthenga ndi uti mwa onse. Ahlswede ndi Dueck akuti wolandira ali kale ndi uthenga umodzi mumtima, akungofuna inde kapena ayi. Ntchito yachepa kwambiri, n'chifukwa chake mayina angachuluke chonchi. Muyese nC kukhala 10 ngati chitsanzo chabe: kwa Shannon ndi 1,024, kwa awa ndi nambala ya madijiti 309.

Mphatso88:
Ndiwonjezere pa zomwe anena bambowa, poti chinsinsi chili pa kuchita maere. Aliyense amapatsidwa mzere wautali wa manambala, wokonzedwa kuti mizere iwiri iliyonse izifanana malo ochepa kwambiri. Wotumiza satumiza mzere wonse. Amachita maere, lagwa pamalo a 417, ndiye amangotumiza "417, 6", poti 6 ndi nambala yomwe ili pamalopo pamzere wa mwini uthenga. Inu mumayang'ana pamalo a 417 pamzere wanu. Ngati palibe 6, si inu. Ngati alipo, mwina ndinudi, koma pamatsala kampata kakang'ono koti mwangofanana ndi wina mwangozi. Nde zolakwa zili ziwiri, kuphonya uthenga wanu chifukwa cha phokoso ndi kuvomera wa eni ake. Ofufuza ena awiri, Verdú ndi Wei, anaonetsa mu 1993 momwe mizere yotereyi ingapangidwire ndi ma code okonza zolakwa otchedwa Reed-Solomon.

Tadala_EE:
Zikomo achimwene, tsopano zayamba kulowa. Nanga maerewo mukawachotsa?

Mphatso88:
Pa njira wamba ya zizindikiro zowerengeka, kuchuluka kodabwitsa kuja kumatha, mumabwerera ku 2^(nR), pomwe R ndi mlingo wa zomwe code imanyamula pa chizindikiro chilichonse. Chomwe chimandikoka ine mtima ndi timakina ta masensa tomwe timadzuka kumasulira uthenga uliwonse mpaka batire kutha, chonsecho uthengawo si wawo. Ofufuza za 6G (netiweki ya mafoni yobwera pambuyo pa 5G), monga gulu la Holger Boche ku Munich, akulimbana ndi zomwezi. Pa pulojekiti yanu lembani kapulogalamu ka Python, mupange mizere 1,000 ndi Reed-Solomon, muchite maere kambirimbiri, muwerenge kuti ndi kangati pomwe munthu wolakwika wayankha kuti inde.