Kapulogalamu kanga kakukana kutseguka pa Windows XP ya makina odulira zilembo

Wazilembo_Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kushopu kwathu timadula zilembo zomata pa magalimoto ndi pa zikwangwani. Makina odulirawo amalumikizidwa ku kompyuta ya Pentium 4 kudzera pa parallel port, ndipo driver yake imagwira pa Windows XP pokha. Amene anapanga makinawo anasiya kalekale kutulutsa ina. Makina ali bwinobwino, akudula mwaukhondo, ndipo ndalama zogulira atsopano tilibe.

Ndalemba kapulogalamu mu C++ koti kazitenga maoda a makasitomala pa intaneti n'kuwaika pamzere. Pa laputopu yanga kakuyenda. Pa XP kanayamba ndi kunena kuti "is not a valid Win32 application". Nditasinthasintha, tsopano kakuti GetTickCount64 sikupezeka mu KERNEL32.dll. Kodi pali njira, kapena ndingotaya mtima?

Mkonzi_wa_ku_Zomba:
Achimwene, musataye mtima, mavuto awiriwo ndi odziwika. Loyamba limabwera chifukwa Visual Studio yamakono, pulogalamu yomangira mapulogalamu, imalemba pamutu pa fayilo ya exe kuti ikufuna Windows 6.0, ndiye kuti Vista, pomwe XP ndi 5.1. XP ikangoona nambalayo imakana, osayang'ana n'komwe zam'kati. Ikani toolset ya v141_xp, ya Visual Studio 2017, ndipo _WIN32_WINNT muiike pa 0x0501 kuti compiler izikudzudzulani nthawi yomweyo mukaitana chinthu chimene XP ilibe.

GetTickCount64, imene pulogalamu imaitana pofuna kuwerenga nthawi, inabwera ndi Vista. Yakale ija, GetTickCount, ilipo, koma imabwerera pa ziro pakatha masiku 49.7, choncho muzichotsera nthawi ziwiri ndi manambala a unsigned, musamangoyerekeza kuti yaikulu ndi iti. Mukakonza pamenepo musadabwe kukumana ndi zinzake: condition variable ndi SRW lock nazonso ndi za Vista. Kawirikawiri si inu mwaziitana, ndi library imene mwabwereka. Tsegulani exe yanu ndi Dependency Walker pa XP pomwepo, muone zonse zosowa kamodzi. Komanso mangani ndi /MT kuti musamavutike ndi ma DLL a runtime.

NaPhiri_Joni:
Zimene anena a Mkonzi n'zoona, koma bambo, ine chikundidetsa nkhawa ndi mawu akuti "pa intaneti". Ngakhale kapulogalamuko katseguke, kakagwa pa HTTPS, njira yotetezedwa yolumikizirana ndi mawebusayiti. XP payokha imalekera pa TLS 1.0, njira yakale yobisira uthenga imene maseva ambiri anaitseka. Ndiponso satifiketi yakale imene Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi a mawebusayiti, inkadalira, DST Root CA X3, inatha pa 30 Seputembala 2021, ndipo yolowa m'malo mwake, ISRG Root X1, XP sinabwere nayo. Mutha kuzemba pomanga curl ndi library yake ya TLS n'kunyamula cacert.pem yanuyanu, fayilo ya masatifiketi. Zimatheka. Koma kuyambira tsiku limenelo ntchito yosamala zonsezo ili pamutu panu, chaka ndi chaka.

Nanga n'kuvutikiranji? Microsoft inasiya kusamala XP pa 8 Epulo 2014. Pa XP, Chrome inalekera pa version 49, Firefox pa 52, Python pa 3.4. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry itabuka, Microsoft inachita kutulutsa chigamba chapadera cha XP chifukwa zinthu zinafika poipa, koma zoterozo si zodalira. Kompyuta imene ikudyetsa shopu yonse siyenera kukhala pakhomo potsegula chotere.

Gawani ntchito. Laputopu kapena kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kazitenga maoda kunja. XP muilumikize ndi waya ku kameneko kokha, popanda gateway, izingotenga mafayilo pa HTTP wamba. Mbali ya XP ikhala yaing'ono kwambiri moti kuimanga sikudzakusowetsani tulo. Ma flash disk a makasitomala, asamawalowetse m'menemo ngakhale atachonderera.

Gogo_waMawaya:
Ana inu mukukamba za code, ine ndikuopa chitsulocho. Hard disk ya IDE ya zaka zimenezo ingafe tsiku lililonse, makamaka ndi magetsi ozimazimawa. Lero lomwe tengani Clonezilla, mukopere disk yonse, kopi ina mukasunge kunyumba. Kenako yesani kubwezeretsa kopiyo pa disk ina muone ngati ikudzuka. Ambiri amalumpha pamenepa. CD ya driver muikoperenso padera.

Tsegulani bokosi muyang'ane ma capacitor ozungulira purosesa. Ngati ena atupa pamwamba kapena akutuluka zofiirira, asintheni asanakuzimireni ntchito ili pakati. Batire ya CR2032 ikatha, deti limabwerera m'mbuyo ndipo BIOS imaiwala zimene munaika pa parallel port, ndiye lembani papepala ngati ili pa ECP kapena EPP, ndi adiresi yake, kawirikawiri 378. Mukaona motherboard yofanana nayo kwa okonza makompyuta, gulani musunge. Timawaya ta USB topita ku parallel musataye nato ndalama, tambiri timangodziwa printer basi.

Wazilembo_Limbe:
Zikomo nonse. A Mkonzi, v141_xp yathandiza, kapulogalamu katseguka. Dependency Walker yaonetsa kuti GetTickCount64 imachokera mu library yolembera ma log, ndaichotsa. Mayi NaPhiri, ndamva, waya wa intaneti ndazula ndipo ndigawa ntchito monga mwanenera. Agogo, ndatsegula bokosi, ma capacitor awiri atupadi. Kodi ndisinthe awiri okhawo, kapena mzere wonse?

Gogo_waMawaya:
Mzere wonse, mwanawe, anabadwa tsiku limodzi amenewo. Pezani a low ESR, a 105°C, ma microfarad ofanana, voteji yofanana kapena yokwererapo pang'ono. Koma yambani mwakopera disk musanagwire soldering iron.