Kondomu inang'ambika, ndikayezetse liti chindoko?

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale anga pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Dzana usiku ndinagona ndi munthu amene sindimudziwa bwino, ndiye kondomu inang'ambika. M'thupi sindikumva kalikonse koma mtima sukukhazikika. Ndili ku Chibavi. Ndipite kukayezetsa lero kapena ndidikire kaye? Mnzanga akuti ndingogula makapisozi pa golosale.

Namwino wa ku Katoto: Achimwene, nyamukani lero lomwe mupite ku Mapale kapena ku Mzuzu Central ku Luwinga. Chothamangira choyamba ndi HIV: PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene munthu amamwa akakhala kuti mwina wakhudzana ndi kachilomboka, imayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo mumamwa masiku 28. Koma dziwani kuti PEP sitchinga chindoko. Za makapisozi a pa golosale zisiyeni. Mlingo wosakwana umangobisa zizindikiro, matenda ali momwemo.

Wa ku labu: Kuyezetsa lero n'kwabwino, koma zotsatira zake zingouza ngati munali nacho kale, osati za dzanazo. Magazi amatenga masabata angapo kuti aonetse. Bwererani pakatha masabata 6, kenako pakatha miyezi 3. Mukapezeka mulibe pa miyezi 3, za usiku umenewo zatha. Chinanso chimene chimasokoneza anthu: kachipangizo kobaya pa chala kamaonetsabe kuti muli nacho ngakhale munachira zaka zapitazo. Ngati munabayitsapo jakisoni wa chindoko kale, nenani musanayezedwe, kuti aganizire za RPR kapena VDRL, njira zina zoyezera magazi, zimene zimathandiza kuona ngati matendawo akadali amoyo.

Wofunsa: Zikomo akuluakulu. Nanga podikirapo ndizionera chiyani?

Namwino wa ku Katoto: Kachilonda. Kamatuluka pakati pa masiku 10 ndi 90, kawirikawiri cha m'ma masabata 3, pamalo pomwe panakhudzana: kumaliseche, kuthako, pa mlomo kapena m'kamwa. Kamakhala kozungulira, kolimba m'mbali, ndipo sikapweteka, n'chifukwa chake ambiri sakalabadira. Mwanabele amatha kutupa m'mphechepeche. Pakadutsa masabata 3 mpaka 6 kamapola kokha, munthu n'kumati wachira, pomwe tizilombo talowa m'magazi. Pambuyo pake pamabwera zidzolo zosayabwa, makamaka m'zikhatho ndi kumapazi, kutentha thupi, nthawi zina tsitsi kuthothoka malo ndi malo. Izinso zimazimirira zokha. Mukaona kachilonda musadikire tsiku lokayezetsa, pitani pomwepo.

Dokotala wamng'ono, Mchengautuwa: Mankhwala ake si ovuta. Chindoko chongoyamba kumene ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, mayunitsi 2.4 miliyoni, wa m'thako. Amapweteka, sitikunamizani. Ngati chakhalitsa kapena simukudziwa kuti munachitenga liti, ndi majakisoni atatu, mmodzi sabata iliyonse, osadumphitsa. Amene penicillin sawayanja amapatsidwa doxycycline 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 14 ngati chindokocho chili chongoyamba kumene, koma osati amayi oyembekezera. Tsiku loyamba mutabayitsa mutha kumva malungo ndi kuphwanya m'thupi. Zimatha zokha. Musagonane ndi aliyense kwa masiku 7 komanso mpaka chilonda chitapola. Ndipo mukamva kuti munthu wa dzanayo wapezeka nacho, inu muyenera kubayidwa ngakhale magazi anu asanaonetse.

Mzamba wa ku Zolozolo: Chimene simunatiuze n'chakuti kunyumba kuli akazi anu kapena ayi. Ngati alipo, kondomu mpaka zotsatira za miyezi 3 zitatuluka, ndipo mukaona chilonda lekani kaye, poti kondomu siphimba paliponse. Ngati ali oyembekezera musabise. Chindoko chimadutsa kupita kwa mwana m'mimba, mimba n'kuchoka kapena mwana kubadwa atamwalira. Akayezedwe ku sikelo sabata ino, ndipo muwaperekeze.